Nkhope pa Sikirini ya a Vimla

Sagar anali atasiya kuyankha mauthenga. Alinesi ankaona kuti afika, ankaonanso kuti awerengedwa, koma yankho osabwera. Akamuimbira, foni inkangoitana mpaka kuduka yokha. Sabata inali kupita kumapeto zinthu zili choncho.

Awiriwa anadziwana chaka chatha m'kashopu kamene Alinesi ankakonzeramo makompyuta, kuseri kwa mashopu a nsalu ku Area 1. Sagar, mwana wa a Navin a holoselo yaikulu ya mu Old Town, anabwera ndi laputopu yochedwa ngati minibasi yodikira anthu pa depoti. Alinesi anafufuta zonse n'kuikamo Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta. Mawa lake mnyamatayo anabweranso, ati mawu sakumveka bwino. Mkuja wake anatulukiranso, ati batire ikutha msanga. Alinesi anafufuza paliponse, vuto osalipeza.

"Kodi wodwala ndi kompyutayi kapena mwiniwake?" anamufunsa.

Sagar anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chibwenzi chinayambira pamenepo. Ankakumana kutali ndi maso a anthu a mu Old Town, makamaka ku City Centre, komwe ankaimika galimoto pansi pa mitengo n'kumadya tchipisi m'pepala limodzi. Nthawi zonse Sagar ankati, "Mami ndiwauza, Ali. Ndikungodikira tsiku labwino."

Lachisanu m'mawa foni ya Alinesi inalira. Nambalayo sankaidziwa.

"Ndiwe Alinesi wa makompyuta? Ine ndine Vimla, mayi ake a Sagar. Laputopu ya pakhomo pano yafa. Ubwere ku Area 47 lero lomwe, dzuwa lisanapendeke."

Alinesi anangozindikira kuti waimirira. "Chabwino, mayi. Ndikubwera, mayi."

Lexon, yemwe ankakonza mafoni pa tebulo lina m'shopu yomweyo, anakweza mutu. Ankamufuna Alinesi kuyambira kalekale, ndipo sankabisa.

"Wawauza!" anatero Alinesi, foni ataigwira pachifuwa. "Lexon, wawauza mayi ake. N'chifukwa chake anali zii, ankafuna zinthu ziyambe zalongosoka."

"Aitana wokonza kompyuta, Alinesi. Sanaitane mpongozi."

"Okonza makompyuta mu Lilongwe muno ndi ochepa? Asankhiranji ine?"

Lexon anabwerera pa foni imene anali ataitsegula. "Bwanji ndipite ine? Iwe utsale."

"Nsanje idzakupha iwe."

Analowa kuseri kwa katani, anavula malaya a ntchito n'kuvala bulauzi yake yobiriwira imene Sagar ankaikonda. Anadzola pang'ono pamilomo. Kenako anaika m'chikwama fulashi, zingwe ndi tizipangizo take, n'kutuluka.

*

Nyumba ya a Navin inali kuseri kwa mpanda wautali. Alinesi anavula nsapato pakhomo monga anaonera nsapato za ena zili pamzere. M'kati munkanunkhira lubani ndi zokazinga. Pabalaza mipando yonse inali itatembenuzidwa kuyang'ana tivi yaikulu ya pakhoma, ndipo pa tebulo panali maluwa ndi mbale za timaswiti tachikasu. Anaganiza kuti kapena kuli mapemphero.

A Vimla anali mayi wamfupi, atavala sari ya buluu, nsalu ija amavala amayi a Chimwenye, makiyi akulendewera m'chiuno. Anamuyang'ana Alinesi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira.

"Sagar wapita ku Kanengo ndi bambo ake," anatero. "Ndi iyeyo anati akuikamo Linux yakoyo. Chiikireni, ili chonchi. Madzulo ano ndikufuna ilumikizidwe ku tivi, intaneti igwire, nkhope za anthu zioneke bwino."

Alinesi anakhala pa kapeti n'kuyatsa laputopuyo. Inalira, fani inazungulira, koma sikirini inali bii. Anaizimitsa, n'kuiyatsanso m'njira ina yosavuta imene imadutsa kadi ya zithunzi. Apa inayaka, koma zilembo zinali zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha mumsewu, zithunzi zotambasuka. Pakona pamene pamayenera kukhala chizindikiro cha wayifayi panalibe kanthu.

"Yafa?" anafunsa a Vimla.

"Siinafe, mayi. Zipangizo zonse zilimo, kadi ya zithunzi ndi ya wayifayi yomwe. Zangosowa madiraiva, timapulogalamu tomwe timauza kompyuta kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zake. Chovuta n'choti madiraivawo ali pa intaneti, ndiye intaneti siingalowe popanda iwowo."

"Ndiye basi?"

"Ayi, mayi. Njira ilipo."

Laputopuyo inalibe polowetsa chingwe cha intaneti ya m'nyumbamo. Alinesi anatulutsa foni yake, anailumikiza ndi chingwe cha chaja, n'kuuza foniyo kuti igawireko laputopu intaneti yake. Zinatheka. Anafunsa kompyutayo mayina a makadi ake, n'kuyamba kutsitsa zofunika pa bandulo yakeyake. Chinthu chimodzi chokha chinkamudabwitsa. Zonsezi Sagar ankazidziwa. Anamuphunzitsa yekha, atakhala phewa ndi phewa m'kashopu muja. Zinamukanika bwanji?

A Vimla anabwera ndi tiyi wa mkaka wonunkhira jinja, m'kapu yabwino ya alendo. Anakhala pa mpando wapafupi. Alinesi anawongoka n'kukonza bulauzi yake.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Nathenje, mayi. Koma tikukhala ku Area 4."

"Bambo ako amatani?"

"Anapuma pa ntchito. Ndi mkulu wa mpingo."

"Mkulu wa mpingo." A Vimla anagwedeza mutu. "Ndiye mwana wawo atabwera ndi mwamuna wosapemphera nawo, angaombe m'manja?"

Alinesi anayang'ana m'kapu. "Sindikudziwa, mayi."

"Ukudziwa." Mawu awo sanali aukali. "Ine ndinabwera ku Lilongwe kuno ndili wamng'ono kuposa iwe. Mwamuna wanga ndinayamba kumuona pa chithunzi. Ndinalira m'ndege, ndinalira m'nyumba, Chichewa sindinkamva ngakhale moni. Koma sindinali ndekha, chifukwa anthu a kwathu anandizungulira. Ukwati wopanda anthu kumbuyo ndi wolemera, mwana iwe. Ndaona ambiri ukuwagwetsa."

Pa sikirini panatuluka uthenga woti zatha kutsika. Alinesi anaika diraiva ya wayifayi, ndipo pakona paja panatulukira kachizindikiro, pansi pake mayina a manetiweki a nyumba zoyandikana. A Vimla anamuuza pasiwedi. Alinesi anachotsa foni yake, n'kutsitsa diraiva ya kadi ya zithunzi, yomwe inali yaikulu. Itatha kulowa, anazimitsa laputopu n'kuiyatsanso.

Sikirini inakhala bii kwa kanthawi. Alinesi anapemphera chamumtima kuti asachite manyazi pamaso pa mayi amenewa. Kenako inawala, zilembo zazing'ono, zooneka bwino, mitundu yonse m'malo mwake. Analowetsa chingwe cha tivi, nayonso inayaka. Anasamutsira mawu ku tivi, n'kuyesa kamera.

"Yatheka, mayi," anatero akumwetulira.

"Manja ako ndi abwino. Tsopano imba apa, tione ngati zikugwiradi."

Alinesi analemba nambala imene anamuonetsa pa foni yawo. Inaitana pang'ono. Kenako khoma lonse linadzaza ndi nkhope ya mtsikana wa tsitsi lalitali, maso aakulu, kandolo kakang'ono pamphuno. Chithunzi chinali choyera moti ngakhale nsidze zinkaoneka imodziimodzi. Mtsikanayo anaphatikiza manja n'kupereka moni m'Chigujarati, chinenero cha kwawo, a Vimla n'kuyankha mwansangala. Pa zonse zimene ankalankhulazo, Alinesi anamvapo liwu limodzi lokha: Sagar.

"Uyu ndi Rinkal," anatero a Vimla, atatembenukira kwa Alinesi. "Ali ku Nairobi. Madzulo ano banja lake ndi lathu tikumana pa sikirini imeneyi kuti tigwirizane tsiku la ukwati wake ndi Sagar."

Alinesi anakweza maso. Pakona ya tivi panali kabokosi kakang'ono koonetsa za m'chipindamo, ndipo anadziona yekha mmenemo, atagwada pa kapeti, bulauzi yobiriwira, milomo yodzola, chingwe cha chaja chili m'manja.

"Ndinu mwakonza?" anafunsa Rinkal m'Chizungu, akumwetulira. "Zikomo kwambiri, achemwali. Ndinkada nkhawa kuti zilephereka. Mwatithandiza."

"Palibe kanthu," anayankha Alinesi. Mawuwo anatuluka okha.

Nthawi yomweyo panja panalira galimoto. Chitseko chinatseguka, n'kulowa a Navin, bambo wa imvi ndi magalasi okhuthala, kumbuyo kwawo Sagar atanyamula katoni ya zakumwa. Ataona Alinesi pansi, Rinkal pakhoma, anaima ngati wapondedwa ndi chinthu.

"Eee, yayaka!" anatero a Navin mokondwa. Anasuzumira kwa Alinesi. "Ameneyu ndani, Sagar? Ukumudziwa?"

Alinesi anamuyang'ana Sagar m'maso. Anadikira.

"Ndi... amakonza makompyuta, Papa. Ku Area 1."

Alinesi anapinda zingwe zake bwinobwino, chimodzichimodzi, n'kuziika m'chikwama. Anatsanzika a Navin, anatsanzika a Vimla, anatsanzika ngakhale Rinkal. Pakhomo nsapato zinamuvuta kuvala chifukwa maso sankaona bwino.

*

Anali atayenda ndithu mumsewu wa phee wa m'derali pamene anamva mapazi akuthamanga kumbuyo kwake.

"Ali! Ali, ima kaye!"

Sanaime. Sagar anamudutsa n'kuima kutsogolo kwake, akupuma mwawefuwefu.

"Sindinadziwe kuti Mami akuitana. Ndikulumbira."

"Za Rinkal unkadziwa?"

Sagar anayang'ana pansi. "Makolo anagwirizana kalekale, ine ndili pa sukulu. Ndinkayesa kuti aiwala. Mwezi wathawu anangoidzutsa."

"Ndiye unaona kuti chabwino n'kusiya kuyankha foni."

"Ndinkasowa pokuyambira. Ndinkafuna ndiithetse kaye ndekha, iwe usanamve. Ali, laputopu ija sikuti inandikanika. Madiraiva onse ali pa fulashi ija unandipatsa. Ndinawasiya dala. Papa saona bwino, ndipo anati nkhani ya ukwati sangaikambe pa kasikirini ka foni. Ndinkati ikakhala yakufa, msonkhano uimitsidwa." Anapukusa mutu. "Ndiye iwe wabwera n'kudzaikonza."

Alinesi anaseka, koma misozi inali ikutsika. "Ndiye cholakwa n'changa?"

"Sindinatero."

"Unkati uzipha makompyuta mpaka liti, Sagar? Mpaka Rinkal atakalamba? Panali liwu limodzi lokha loti unene: ayi. M'Chichewa lilimo, m'Chizungu lilimo, ndikhulupirira m'Chigujarati namonso simungalephere kukhala."

"Sukuwadziwa anthu a kwathu. Ndikakana, si ine ndekha. Mami sadzatha kukweza mutu ku kachisi, Papa anzawo onse a malonda..."

"Nane ndili ndi kwathu. Ndili ndi bambo amene ndakhala ndikuwanamiza kuti ndachedwa ndi ntchito, ndili ndi iwe ku City Centre. Ndinali wokonzeka kuwauza tsiku lililonse limene ukananena." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ukudziwa chimene chandipweteka? Si Rinkal. Mwana wa eni wandithokoza ndi mtima wake wonse, sakudziwa kanthu. Si mayi akonso, iwo angondionetsa zimene iwe unkabisa. Koma bambo ako akufunsa kuti ndine ndani, dzina langa lokha lakukanika."

"Ndinachita mantha."

"Ndinaona."

Sagar anayesa kumugwira dzanja. Alinesi analibweza.

"Bwerera, akukudikira. Chithunzi chili bwino, mawu akumveka, sizidukaduka. Ntchito yanga ndimaigwira bwino. Koma usadzandiimbirenso."

Anaimitsa kabaza wa njinga yamoto amene ankadutsa, n'kukwera osafunsa kanthu. Sanacheuke.

*

Atalowa m'shopu, Lexon anangoona nkhope yake n'kuzimitsa wailesi. Anamukokera mpando, anamupatsa madzi. Alinesi anamwa pang'ono, n'kukhala akuyang'ana khoma. Kunja anthu ankadutsa ndi mitolo ya nsalu, ogulitsa zovala akuitanira malonda ngati tsiku lina lililonse.

"Lexon," anatero patapita nthawi. "Nambala yanga a Vimla anaitenga kuti?"

Lexon anayamba kusuntha timasikuluwu pa tebulo.

"Ndikukufunsa."

"Anabwera kuno sabata yatha, iwe utapita kukagula zipangizo. Wina wa ku holoselo anakuonani muli m'galimoto. Anandifunsa ngati zili zoona." "Sindinaname."

"Ndipo unawapatsa nambala. Ndipo m'mawa uja unandiona ndikudzola, iwe osanena."

"Ndinati ndipite ine! Ukanandimvera? Alinesi, munthu uja ankakusunga kuseri ngati katundu wobisa. Ine ndikanakutenga masana, kukakuonetsa kwathu ku Mitundu, mayi anga n'kuimba nthungululu. Ndakhala pano nthawi yonseyi ndikukuona ukudikira munthu amene..."

"Usamalize." Alinesi anaimirira n'kutenga chikwama. "Nonse ndinu amodzi. Aliyense amadziwa za moyo wanga, kupatula ine mwiniwake."

*

Loweruka sanapite ku ntchito. Anauza mayi ake, a Naphiri, kuti mutu ukumupweteka, n'kugona chafufumimba m'chipinda chake ku Area 4, foni atazimitsa. A Naphiri analowa, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumusisita pamsana.

"Mutu umenewu uli ndi dzina, mwananga?"

Alinesi anangokankhira nkhope mu pilo, mapewa akugwedezeka. Mayi ake sanafunsenso.

Chakumasana kunamveka kugogoda pa geti. Bambo ake, a Lekani, anali pakhonde akukonzekera za mapemphero a mawa lake, ndipo anapita okha kukatsegula. Alinesi anamva mawu a anthu awiri, ena okhuthala, ena otsika. Otsikawo anawazindikira msanga.

"Alinesi!" anaitana bambo ake. "Tabwera kuno."

Anatuluka wopanda nsapato. Kunja kwa geti kunali Sagar, malaya omwe aja a dzulo, maso ofiira, chikwama cha zovala chili paphewa. Galimoto panalibe. Fumbi la kabaza linali lisanatsike.

"Achimwenewa akuti abwerera iwe," anatero a Lekani. "Tanenaninso, amve mwiniwake."

Sagar anagwira manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Dzina langa ndine Sagar, bambo. Mwana wanu Alinesi ndimamukonda. Dzulo ndinamulakwira kwambiri. Madzulo ake makolo anga atakhala pansi ndi banja la mtsikana amene anandisankhira, ndinaimirira pamaso pa onse n'kukana. Ndinatchula dzina la Alinesi, onse anamva, a ku Nairobi omwe. Bambo anga anandilanda makiyi a galimoto ndi a shopu, anati ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndagona kwa mnzanga. Ndabwera kuti mundidziwe."

A Naphiri anali atafika kumbuyo kwa mwana wawo, dzanja lili pakamwa. Kwa aneba makatani anayamba kugwedezeka.

"Mumapemphera kuti, achimwene?" anafunsa a Lekani mofatsa.

"Ku kachisi wathu wa Chihindu, bambo."

A Lekani anavula magalasi, anawapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Zimene akunenazi n'zoona?"

"Zinali zoona, bambo."

"Zinali?"

Alinesi anayang'ana Sagar. Mkwiyo wa dzulo unali udakali pomwepo, wosasuntha, koma pansi pake china chinkamukoka mpaka kumupweteka m'chifuwa. Munthuyu anachedwa. Koma anabwera, ndipo analibenso kwina kopita.

"Ndiye masiku onse aja unkati wachedwa ndi makompyuta a anthu," anatero a Lekani, "ine n'kumakupempherera kuti usatope." Anapuma mozama. "Tamvera, Alinesi. Mnyamatayu pakhomo panga salowa. Ndilibe naye chifukwa, koma salowa. Ngati zinathadi, muuze pompano ine ndikumva, utseke geti, nkhani ithere pano. Koma ukaponda kunjako kukalankhula naye, uyambe walowa m'nyumba, utenge ndi zovala zako zomwe."

"Abambo a Alinesi, chonde..." anayamba a Naphiri.

"Ndanena."

Alinesi anayenda mpaka pa geti n'kugwira chitsulo chotsekera. Chinali chotentha ndi dzuwa. Sagar anali pafupi moti ankamva kupuma kwake.

"Ali," ananong'ona. "Ndanena liwu lija."

Asanayankhe, kumapeto kwa msewu kunatulukira galimoto yoyera, ikuyenda pang'onopang'ono ngati ikusaka nyumba. Inafika n'kuima kumbuyo kwa Sagar. Chitseko chinatseguka, ndipo a Vimla anatsika okha, sari itakwinyika, maso otupa. Sanamuyang'ane mwana wawo. Anapita molunjika kwa a Lekani n'kuphatikiza manja.

"Ndinu bambo ake a mtsikanayu? Mwamuna wanga sakudziwa kuti ndili pano. Ndikupempha mundilole ndilowe. Ine ndi inu tili ndi nkhani ya ana athuwa."